Miyendo Yobwereka ya a Herbert

Njinga ya a Herbert inkagona m'nyumba. Ife tinkagona kuseri kwa galaja, galu ankagona pakhonde, koma njinga inali ndi malo ake pabalaza, yopachikidwa pakhoma pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo. Ine Viness, amene ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Hout Bay kuja, ndinkaloledwa kupukuta chilichonse, ngakhale mbale zagalasi zimene anasiya malemu apongozi awo, koma njinga ayi. Ankati ndingaikande.

Inali yofiira, yopepuka ngati nkhuku yosola, yopanda kaliyala, yopanda belu, yopanda ngakhale poimikira. Njinga yosatha kunyamula thumba la chimanga kupita nalo kuchigayo ndi njinga yanji? Koma Loweruka lililonse m'mawa anzawo asanu ndi awiri ankasonkhana pageti pathu ndi zawo zangati yomweyo. Azibambo aimvi, amimba zawozawo, atavala timakabudula tothina tosonyeza zonse zimene Mulungu anawapatsa ndi zimene anawamana. Nsapato zawo zinali ndi tizitsulo kunsi, ndiye akalowa kudzapempha madzi ankayenda ngati abakha, kwa kwa kwa, pa matailosi ndangokolopa kumene. Ankapalasa mpaka ku Noordhoek, kukamwa khofi, n'kubwerera chimanjamanja. Kwathu ku Kasungu mwamuna akapita mtunda wotero pa njinga n'kubwerako wopanda kanthu, timadziwa kuti kumeneko kuli chibwenzi.

Chimene chinkawazunguza mutu kwenikweni sichinali njinga. Kanali kachipangizo ka pa handulo, kongafanana ndi bokosi la machesi, kamene kankawerenga makilomita, mphindi ndi masekondi, n'kutumiza zonse pa foni. Pa fonipo gulu lonse linkaona kuti uje wadutsa msewu uti, wakwera chitunda chiti, ndipo watenga nthawi yaitali bwanji. Mayina ankandandalikidwa ngati zotsatira za mayeso. A Herbert ankakhala a nambala sikisi, tsiku labwino faifi. Pamwamba pankakhala a Masoud, dokotala wa mano, mnzawo wapamtima amene ankamuda kuposa onse. Chakudya chinkazizira patebulo bambo wa zaka makumi asanu ndi mphambu ali ndwii pa foni, akulira maliro a masekondi khumi.

Ndinkawaseka chamumtima, chifukwa pakamwa panga panali pomangidwa ndi chipinda. Mu Malichi 2017 moto unasesa Imizamo Yethu, dera la zisakasa la paphiri kumene tinkakhala, ndipo mkhukhu wathu wa malata unapsa limodzi ndi mazanamazana ena. Ndinatuluka ndi chitenje chimodzi ndi pasipoti, tsitsi la mbali imodzi litawauka. A Jennie, akazi awo a Herbert, anatipatsa kachipinda ka kuseri kwa galaja kamene ankasungamo penti, akuti mpaka zinthu zikhazikike. Kanali ka njerwa, ka mpopi wake, ka chitseko chokiya. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili ku Joni, m'menemo ndi mmene ndinayamba kugona tulo osadzidzimuka mphepo ikamawomba, osanunkhiza ngati kwa neba kwagwa kandulo. Ndinkakakonda kachipindako, ndisabise. Ndinkakakonda kuposa mmene munthu wopemphera amayenera kukondera makoma.

Pofika Ogasiti a Jennie anayamba kubwera ndi tepi, kuyeza mawindo athu, kukamba za alendo olipira ochokera ku Ulaya amene angakonde kuona phiri akangodzuka. Sananene kuti tichoke. Ankangoyeza, n'kumandifunsa kuti katani wa mtundu wanji angakhale bwino.

Amuna anga, a Chakufwa, ankasamalira maluwa pa nyumba yomweyo. Ndi a ku Rumphi, munthu wa mawu ochepa, mkulu wa mpingo ku tchalitchi chathu cha Amalawi. Asanabwere kuno anapalasa kabaza zaka zisanu ndi zinayi ku Mzuzu, kukwera zitunda ndi amayi a geni kumbuyo, dengu la tomato lili pamiyendo, mwana ali kumsana. Ntchitoyo anaisiya, koma akatumba sanawasiye.

Lachitatu lina galimoto inapita ndi a Jennie, pomwe njinga inkafunika kukaonedwa magiya ku shopu ku Sea Point. A Herbert, mtima uli m'mwamba, anauza amuna anga kuti aipalase pang'onopang'ono, asaigundise. Anaiwala kuti kachipangizo akasiya koyaka. A Chakufwa anapinda miyendo ya ovololo, n'kukwera Suikerbossie, chitunda chimene azibambo aja ankachitchula monong'ona ngati dzina la mfiti. Atabwerako anandiuza kuti njingayo ndi yachibwana, imathawa yokha.

Madzulo foni ya a Herbert inayamba kulira osapuma. Dzina lawo linali pamwamba, a Masoud pansi pawo ndi mphindi yathunthu. Anzawo ankatumiza tizithunzi ta chala chachikulu choimika, ena kufunsa kuti kodi masiku ano akudya chiyani. Ndinali ndikuwathirira tiyi, ndiye nkhope yawo ndinaiona bwino. Poyamba anadabwa, kenako anazindikira, kenako anamwetulira kumwetulira konyansa. Anayankha gulu lonse kuti ndi khama basi, palibe matsenga.

M'mawa mwake anagogoda pachitseko pathu, koyamba chilowereni m'chipindacho.

"Chuck, mnzanga," anatero, poti zaka zinayi sizinawakwane kuti aphunzire dzina loti Chakufwa. "Iwe uli ndi mphatso. Ndikufuna uzindiyesera njinga Lachitatu lililonse. Zikhale za ife awiri, wamva? Za chipinda usadandaule, ndilankhula ndi madamu. Munthu wondithandiza chonchi ayenera kukhala pafupi."

Atachoka, amuna anga anakhala pabedi akuyang'ana pansi.

"Limeneli ndi bodza, Viness," anatero.

"Bodzalo ndi lawo," ndinayankha. "Inu mukungopalasa njinga. Baibulo linaletsa pati kupalasa njinga?"

"Ndine mkulu wa mpingo."

"Akulu a mpingo sapsa ndi moto? Mukufuna tibwerere kuphiri kuja, tizikagona nsapato zili kuphazi?"

Mapeto ake anavomera. Ndine ndinawakankha, sindikana. Sabata yomweyo tepi ya a Jennie inabwerera mu diloo.

Ntchito yake inkayenda motere. Lachitatu mbandakucha a Herbert ankatulukira khomo la kumaso atavala zothina zawo, kutsanzika akazi awo mokweza, n'kuzungulira kuseri kwa galaja. Kumeneko ankapereka njinga kwa amuna anga, amene anali atawaveka kale zakuda zokhazokha zofika m'mikono ndi m'miyendo, magolovesi, kansalu kotseka pakamwa, magalasi akuda ndi chipewa cholimba, kuti pasaoneke khungu ngakhale la chala. A Chakufwa akanyamuka, abwana ankalowa m'chipinda mwathu kubisala. Maola awiri athunthu ankakhala pabedi langa, mimba itatsamira pamaondo, akuwerenga nkhani pa foni ndi kudya mandasi anga osapempha. Njinga ikabwera, ankapita pampopi pathu, kunyowetsa nkhope, m'khwapa ndi kumsana, n'kukalowa m'khitchini akupuma wefuwefu. Ankafika mpaka pogwira khoma, kuti a Jennie aone mmene avutikira.

Musaiwale kuti chimenecho chinali chaka cha chilala, pamene mzinda wonse unkawerengera masiku oti mipopi iume. Ife tinkasamba m'ndowa, madzi omwewo n'kukathira m'chimbudzi. A Herbert ankathira madzi abwinobwino pa malaya kuti akhale thukuta. Njinga ankaitsuka ndi madzi ogula m'mabotolo, ati a pampopi ali ndi mankhwala owononga tcheni.

Loweruka, akakhala ndi anzawo, ankatsalira m'mbuyo monga kale, koma tsopano anali ndi yankho. Ankati Lachitatu ndi la ntchito, Loweruka ndi lopumitsa miyendo, ndipo akatswiri onse amatero. Anayamba kulangiza anzawo za kadyedwe. Ine ndinkafinya bitiruti m'mawa uliwonse mpaka zala kufiira, iwo n'kujambula kapu, kutumiza pagulu. Mwini miyendo ankanyamuka atamwa tiyi ndi buledi wadzulo. Ndinaona madokotala ndi maloya akugula bitiruti matumbamatumba chifukwa cha buledi wa amuna anga, ndipo sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

Chimene chinandinyansa kwambiri n'choti a Chakufwa nawo anayamba kuzikonda. Munthu amene ankati ndi bodza uja anayamba kufunsa, akungotsika, kuti lero ndachita bwanji bwana. Ankandiuza za masekondi tikudya, ngati masekondi amathiridwa mchere. Tsiku lina ndinawapeza akumwa bitiruti wotsala m'kapu ya abwana. Ndinawauza kuti pakadafunda padajiwitsa galu, koma ndinkanena ndine wogona pofundapo, ndiye mawuwo analibe mano.

Gululo linali ndi chikho, kachikho ka pulasitiki kopaka golide, kamene ankapatsana kumapeto kwa Febuluwale, mpikisano waukulu wa njinga wa mumzinda usanafike. Ankachitenga amene wazungulira mwachangu kuposa onse njira yawo yaitali, kuchoka ku Hout Bay, kudzera ku Chapman's Peak ndi ku Noordhoek, kukwera mapiri mpaka ku Constantia Nek, n'kutsetsereka kubwerera ku Hout Bay. Aliyense ankayesa tsiku limene wafuna, kachipangizo n'kamene kanali mboni. A Herbert anali patsogolo mwezi wonse. Koma Lachinayi la sabata yomaliza a Masoud, amene anali ataonda ngati wodwala chifukwa cha mkwiyo, anawapitirira ndi masekondi makumi anayi. Tsiku lomaliza linali Lamulungu.

Sabata yomweyo tinataya a Overtone. Anali a mudzi umodzi ndi amuna anga, ankagwira ntchito kudoko, ndipo chifuwa chinawatenga m'masiku asanu okha. Ndi amene analandira a Chakufwa atangofika mu 2009, kuwagoneka pansi m'mkhukhu mwawo miyezi itatu, kuwaphunzitsa taxi yoyenera kukwera ndi njira zoyenera kupewa. Thupi linali loti linyamuke Lamulungu masana pa minibasi ya tirela, ulendo wa masiku anayi mpaka ku Rumphi, ndipo a Chakufwa ndi amene anasankhidwa kupereka pemphero lotsanzikira.

Anakapempha kuti Lamulungu asapalase. A Herbert anawagwira paphewa.

"Maola awiri okha, Chuck. Maliro ndi masana, ukafika bwinobwino. Ndipo ukudziwa, madamu ayambanso kukamba za alendo aja. Ine ndikumenyera nkhondo iwe, nawenso undimenyere."

Lamulungu m'mawa ananyamuka, abwana n'kulowa m'chipinda mwathu monga mwa masiku onse. Ine ndinamanga chitenje, ulendo kusiwa ku Imizamo Yethu. Nditangofika, dalaivala wa minibasi anaimba foni kuti tinjira ta kumtunda sangadutsemo ndi tirela, anthu amanga mpaka pamsewu, komanso akufuna anyamuke msanga chifukwa cha mizere ya pa boda. Choncho bokosi linatsitsidwa pamapewa mpaka kumsewu waukulu, womwe uja wochokera ku Constantia Nek, nthawi isanakwane eyiti koloko.

Anyamata anathyola nthambi n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa pamene tinakhala, monga timachitira kwathu. Masamba pamsewu ndi uthenga woti pano pali maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Kuno magalimoto ankangowaponda, ena kuliza hutala kuti tichotse zinyalala. Ife tinkaimbabe. Namfedwa, a Estere, anali atakhala pansi pafupi ndi tirela, amayi awiri atawagwirira.

Ndine ndinayamba kuiona njinga yofiira ikutsika phiri, munthu wovala zakuda bii atawerama pa handulo, liwiro lake la mtima bii. Kunali kutatsala makilomita awiri okha kuti amalize. Ndinasiya kuimba. Ndinapemphera pemphero limene ndikuchita nalo manyazi mpaka lero: Ambuye, awa adutse. Nkhope inali yobisika, palibe akanawadziwa, akanabwera pambuyo pake atavala jekete ngati munthu.

Mabuleki analira. Njinga inaima chala chimodzi isanafike pa masamba. A Chakufwa anatsika, anavula chipewa, anavula magalasi, anatsitsa kansalu ka pakamwa, n'kuyamba kuikankha, nsapato za abwana zikugogoda phula. Sindikhulupirira kuti anaganiza n'komwe. Zaka zisanu ndi zinayi za kabaza, maliro angati amene anatsikira? Miyendo inangochita zimene inazolowera.

Nyimbo inadukiza pang'ono, poti amayi anali asanaonepo mkulu wa mpingo atavala zothina chotero. Bambo wina anavula jekete mwachangu n'kuwapatsa kuti amange m'chiuno. Anatsamiritsa njinga pa pholo la magetsi, anakagwada pamaso pa a Estere, n'kupita kwa azibambo kukagwira nawo bokosi kuti likwere mu tirela. Kachipangizo kanali kakuwerengabe.

Ndinawayandikira.

"Bambo, nthawi," ndinanong'ona.

"Nthawi ya ndani?" anandifunsa, osandiyang'ana.

Akumanga zingwe za tirela, a Masoud anatulukira ndi anzawo atatu, nawonso akuyesa mwayi wa tsiku lomaliza. Masamba anawaponda monga magalimoto, koma njinga yofiira anaiona, poti m'chigwa chonsecho inalipo imodzi yokha. Anaima. Anayang'ana njinga, anayang'ana gulu la anthu akuda, ndipo nkhani yonse anaimaliza okha m'mitu mwawo. Mmodzi anaimbira alonda a kampani ya chitetezo, a Masoud anaimbira a Herbert kufunsa ngati ali moyo. Kuti tikuimba nyimbo za maliro, kuti pali bokosi, kuti mayi akulira pansi, palibe anaona.

Alonda awiri anafika pa bakkie, kagalimoto kawo ka pikapu, mmodzi n'kugwira amuna anga padzanja. Nyimbo inatheratu. Posakhalitsa galimoto ya a Jennie inaima, a Herbert n'kutsika atavala kabudula wamba ndi malaya omanga mabatani mosemphanitsa, masokosi a njinga akadali kuphazi. Sanafunse kuti wamwalira ndani. Sanayang'ane wantchito wawo. Anathamangira pa pholo paja n'kukazimitsa kachipangizo.

A Masoud anaziona zimenezo. Ndinawaona akutsitsa maso kuyang'ana miyendo ya amuna anga, kenako ya mnzawo, yoyera ndi yofewa ngati chinangwa chophika.

"Bwana, munthuyu munamupatsa njingayi?" mlonda anafunsa m'Chingerezi.

"Ndi wa m'munda mwanga," a Herbert anatero. "Ndilankhule naye kaye."

Anawakokera pambali, pafupi ndi pamene ndinaima, ndiye ndinamva zonse. Nkhope yawo inali thukuta lokhalokha, lenileni tsopano.

"Chuck, tamvera. Ungonena kuti unaitenga wekha, lero lokha. Ine ndinena kuti ndakukhululukira, nkhani ithere pomwepo. Kulibe apolisi, kulibe chilichonse. Chipinda ndi chanu mpaka kalekale, ndikulumbira. Koma ukanena zina, ine sindingathenso kukuteteza kwa madamu."

Mlonda anabwereza funso lake, tsopano kwa a Chakufwa. Panali anthu oposa zana, a ku Rumphi, a ku Karonga, a ku Mzimba, a kwathu kuchigawo chapakati, onse ali chete. Palibe mmodzi yemwe ankadziwa za Lachitatu, poti chinsinsicho tinachisunga bwino kwambiri. Amuna anga anatembenuka n'kuyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kunena zoona, akungopempha kuti ndiwalole.

Ine ndinaona malata ofiira ndi moto, ndinamva fungo la tsitsi langa likupsa.

"Vomerani, bambo," ndinatero. "Ingovomerani. Tikagona kuti?"

Ndinkaganiza kuti ndanong'ona. Koma pamaliro pakakhala zii, mawu amayenda. Anthu anamva mkazi akuuza mwamuna wake kuti avomere, ndipo aliyense amadziwa kuti mkazi ndi amene amadziwa za m'nyumba.

"Ndinaitenga ndekha, bwana," amuna anga anatero.

Mlonda anati sanamve.

"Ndinaba," anabwereza mokweza. "Pepani."

A Herbert anapuma mpweya wautali. Anaika dzanja paphewa la amuna anga, n'kutembenukira anzawo kuti onse aone chifundo chawo. Anati aliyense amalakwitsa, za apolisi iwo sakuzifuna, munthuyu wakhala wokhulupirika zaka zinayi. Mmodzi wa azibambo aja anawayamikira kuti ali ndi mtima wabwino kuposa iye. A Masoud okha sanayamikire. Anakwera njinga yawo, anakola nsapato pa pedulo, n'kunena mosakweza mawu: "Wakuba wakoyu ali ndi liwiro, Herbert." Anapita osadikira yankho.

Njinga inakwezedwa m'galimoto mosamala, itayalidwira bulangeti. Amuna anga anatsala pamsewu ndi masokosi okha, poti nsapato nazo zinali za abwana. Mkulu wina wa mpingo anawayandikira n'kuwauza mwaulemu kuti pemphero lija apereka ndi munthu wina, iwo apume kaye. A Estere anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kufunda chitenje kumutu. Minibasi inanyamuka ndi anthu khumi ndi awiri operekeza maliro, onse a mudzi wa amuna anga ndi midzi yoyandikana nawo.

Tinabwerera wapansi, iwo patsogolo ine m'mbuyo. Ndinkadziuza kuti manyazi sapha, kuti anthu amaiwala, kuti chachikulu tili ndi pogona.

Lolemba m'mawa a Jennie anandiitana m'khitchini. Anandiuza kuti ndikhale pampando, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Viness, ndine wachisoni kwambiri," anatero. "Iwe ukhoza kumabwerabe masiku atatu pa sabata. Koma Chuck ayi, ndipo chipinda chija ndikuchifuna pofika Loweruka. Sindingasunge munthu woti wavomera kuba pamaso pa anthu."

Apo chingwe cha pakamwa panga chinaduka. Ndinawauza zonse, za ku Sea Point, za zovala zakuda, za mandasi, za madzi a pampopi. Ndinalankhula Chingerezi chimene sindinkadziwa kuti ndili nacho. Anandimvetsera mpaka kumapeto akusonkhezera khofi wawo ndi supuni.

"Viness," anatero, "ndakhala ndi Herbert zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Amapuma kawiri akamakwera masitepe a nyumba ino. Ukuganiza kuti sindinkadziwa kumene amakhala Lachitatu?"

"Nanga ngati mukudziwa, madamu?"

"Nkhaniyi ili kale pa gulu la pa foni la maneba onse, ndi chithunzi chomwe. Ndikakusungani, andifunsa chifukwa chake. Ndikawauza chifukwa chake, mwamuna wanga sadzatulukanso pageti. Undimvetse, nawenso ndiwe mkazi wa munthu."

Anawonjezera kuti makatani akale a m'chipindacho ndikhoza kuwatenga, poti agula ena. Ndikutuluka ndinadutsa pabalaza. A Herbert anali atakhala pa sofa, mwendo uli pa pilo, paketi ya nandolo za mu firiji ili pabondo. Anali atauza gulu kuti bondo lawavuta, dokotala wawaletsa njinga chaka chonse. Sanadzutse maso pa foni. Ndinafuna kuwalavulira, koma ndinakumbukira masiku atatu pa sabata, ndiye malovuwo ndinameza. Pa anthu onse onyozeka a m'nkhaniyi, amene ndinkamunyoza kwambiri tsiku limenelo ndi amene anameza malovu.

Tinapeza theka la mkhukhu kumtunda kwenikweni kwa phiri, kumene galimoto yozimitsa moto siifika, khoma limodzi ndi bambo wina wophikira pa sitovu ya parafini. Lachinayi masana tinali tikumanga katundu. Amuna anga anali asanandilankhule mawu opitirira atatu chichokereni kumaliro. Sanandikalipire, sanandinene. Ankangopinda zovala, kuziika m'chikwama, mwadongosolo ngati akupita kuchipatala.

Foni yawo inalira pawindo. Anaitenga, anayang'ana dzina, n'kuima nayo osayankha. Ndinawerenga masiku pa zala. Minibasi inali itafika ku Rumphi m'mawa umenewo, ndi anthu ake khumi ndi awiri.

"Ndi amayi," anatero.

Foni inaleka, n'kuyambanso. Anatambasula dzanja n'kundipatsa.

"Yankha ndiwe, Viness. Uwauze chimene ndinaba."

Ndinailandira. Inali ikulirabe m'manja mwanga pamene anasenza matiresi pamutu n'kutuluka pageti.